Injini Yakumanzere

Ndayendetsa boti zaka zisanu ndi zinayi, koma ine ndili pa chiwongolero silinasunthepo ndi phazi limodzi lomwe. Ndikawauza zimenezi anzanga a kukwaya amaseka, amati ukalamba wayamba kundilowa m'mutu. Koma n'zoona. Botilo linkakhala pa ngolo yake ya matayala, pansi pa shedi ya malata, kuseri kwa nyumba ina ku Area 43 komwe ndinkagwira ntchito ya m'maluwa. Nyanja ili kutali ndi Lilongwe, ndipo ine mpaka lero sindinavikepo phazi m'madzi ake.

Abwana anga anali munthu wa mu ofesi ku City Centre, wamtali, wosachedwa kuseka koma wosakonda kubwereza mawu. Botilo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Linali loyera, lalitali kuposa galimoto yawo, ndipo kumbuyo kwake kunali injini ziwiri zakuda zopachikidwa moyandikana. Ankapita nalo kunyanja katatu kapena kanayi pa chaka, iwo ndi amayi, akazi awo. Masiku ena onse linkangokhala, abuluzi akuothera dzuwa pamwamba pake. Koma injini yongokhala imadwala, choncho Loweruka lililonse zinkayenera kulizidwa kwa kanthawi. Poyamba ankaliza okha. Atatopa nazo anandiitana ine, dothi la m'maluwa lili m'manja.

“Bambo, kasambeni m'manja mubwere kuno. Lero mukhala dalaivala.”

Phunziro loyamba silinali la injini, linali la madzi. Anandiuza kuti boti likakhala panyanja, injini imamwa madzi a m'nyanjamo kuti isatenthe. Pamtunda madziwo tiyenera kuipatsa tokha. Panali tizitsekero ta labala togwira mwendo wa injini uku ndi uku, ngati zija achinyamata amavala m'makutu pomvera nyimbo, ndipo pa kachitsekero kalikonse tinkalumikiza paipi yochokera ku mpopi wa m'munda. Mpopi unali umodzi, mapaipi awiri. Injini ikalira, cha kumbuyo kwake kumatuluka kamzere ka madzi kowongoka.

“Mwakaona ako? Ikamakodza choncho ndiye kuti ili bwino. Ikasiya kukodza, zimitsani nthawi yomweyo. Madzi choyamba, kiyi pambuyo. Tabwerezani.”

“Madzi choyamba, kiyi pambuyo, abwana.”

Kenako anandikweza m'botimo. Pambali pa chiwongolero panali zigwiriro ziwiri zachitsulo zoimirira moyandikana, chakumanzere cha injini yakumanzere, chakumanja cha yakumanja. Zikaima chilili ndiye kuti boti silipita kulikonse. Ukazikankhira kutsogolo limapita kutsogolo, ukazikokera kumbuyo limabwerera. Ukakankha chimodzi n'kukoka chinacho, akuti limazungulira pamalo amodzi, ngakhale zimenezo ndinangomva, sindinazione. Ife a pamtunda tinkayamba tadina kabatani ka m'munsi mwa chigwiriro chilichonse kuti mapiko opalasa madzi asazungulire, kenako n'kukankha pang'onopang'ono kuti injini zikweze mawu. Zigwiriro zonse ziwiri zimagwidwa ndi chikhatho chimodzi, ndipo apa ndi pamene panagona ntchito.

Injini ziwiri zikapanda kufanana liwiro zimakangana. Mawu ake amakwera ndi kutsika, wuu, wuu, wuu, ndipo ukaponda pansi pa boti umamva kunjenjemera m'mapazi. Zikafanana, mkangano uja umachedwa, umachedwa, mpaka umatha, n'kutsala liwu limodzi losalala. Abwana ankayang'ana mawotchi awiri oonetsa liwiro la injini, a kutsogolo kwa chiwongolero, kuti azifananitse. Ine mawotchiwo ankandibalalitsa, choncho ndinkangotsinzina. Ndaimba besi m'kwaya kuyambira ndili mnyamata, ndipo munthu amene watsalira theka la mpweya ndimamumva ngakhale atabisala mzere wakumbuyo. Loweruka lachitatu ndinazifananitsa maso ali chitsinzinire, abwana n'kuyang'ana mawotchi awo, n'kundiyang'ana ine.

“Aa, bambo inu muli ndi khutu. Ine zaka zonsezi ndimadalira mawotchi.”

Mawu amenewo ndinawanyamula kupita nawo kunyumba, ndipo ndinawabwereza kwa mayi a kunyumba mpaka anandipempha kuti ndisiye. Ndisabise, ndinayamba kudzimva. Anzanga ogwira ntchito m'mipanda yoyandikana, amene tinkayenda nawo m'mawa uliwonse kuchokera kumudzi, ankamva kulira kwa injini Loweruka n'kundipatsa dzina loti akaputeni a pa kapinga. Ankandifunsa ngati mafunde anali aakulu kuseri kwa khichini. Ndinkawayankha kuti iwo apitirize kukankha wilibala, aliyense ali ndi chiwongolero chake. Mumtima dzinalo ndinkalikonda kwambiri.

Chimodzi chokha chinkandipweteka: madzi. Mapaipi awiri otsekula mpaka kumapeto amataya madzi ambiri, ndipo onsewo ankangoyenderera pa simenti. Munthu wa m'maluwa sangaonerere zimenezo. Ndinakumba kangalande kuchokera pa shedi mpaka pakona ya mpanda, n'kubzalapo nthochi. Zinakula mwamphamvu moti amayi ankagawira anzawo a kutchalitchi, n'kumati ndi nthochi za m'boti.

Chaka chachisanu, mwezi wa Okutobala, kunatentha koopsa. Madzi m'mipopi ankabwera modukizadukiza, ndipo thanki ya panyumbapo inali itatsika kupitirira theka. M'mawa wa Loweruka limenelo ndinasiya mayi a kunyumba pa mzere wa pa mjigo, zidebe zili ndandanda mpaka kumsewu. Abwana ndi amayi anali atapita ku ukwati. Ndinalumikiza mapaipi, ndinatsekula mpopi, ndinaliza injini, zonse mwa dongosolo lake. Kenako ndinaima n'kumayang'ana madzi oyera akuthamanga pa simenti, n'kukumbukira zidebe zija. Mtima unandiwawa. Ndinapita pa mpopi n'kuubweza pang'ono, monga ndimachitira pothirira mbande za ku nazale. Ndinayang'ana injini yakumanja, yomwe inali pafupi nane, ndinaona ikukodza bwinobwino. Yakumanzere sindinaiyang'ane. Paipi yake inali yaitali, ndipo madzi ochepawo onse ankathera kwa inzake.

Ndinatenga khasu n'kupita kukakonza ngalande ku nthochi. Sindikudziwa kuti ndinakhalako nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandibweza ndi fungo la labala wopsa. Ndinathamanga, ndipo nditayandikira ndi pamene ndinamva kabelu kochenjeza kakulira m'botimo, kamene phokoso la injini linkakaphimba ndili kutali. Yakumanzere inali itasiya kukodza. Ndinazimitsa. Nditagwira chivundikiro chake ndinachotsa dzanja msanga, chinali ngati chiwaya. Ndinakhala pansi pa simenti ponyowa pomwepo.

Abwana atabwera madzulo anafunsa ali pa zenera la galimoto kuti, “Zalira?” Ndinayankha kuti, “Zalira, abwana.” Silinali bodza, koma sichinalinso choona chonse, ndipo ndinkadziwa.

Ndadzifunsa kambirimbiri chifukwa chimene sindinanenere tsiku lomwelo. Ntchito ndinkaiopera, ana anali pasukulu. Koma abwana sanali munthu wothamangitsa wantchito chifukwa cha ngozi, ndipo zimenezo ndinkazidziwanso. Chachikulu chinali manyazi. Munthu wa khutu, akaputeni, kuotcha injini chifukwa chomvera chisoni madzi! Lamulo linali limodzi lokha, ndinalibwereza ndi pakamwa panga, ndipo ndi lomwelo ndinaliphwanya.

Lolemba ndinapempha kuti ndikaone wodwala, n'kukwera minibasi ya ku Old Town. Ndinazungulira kwa ogulitsa zitsulo za galimoto, ndinawoloka timilatho tamitengo tolipiritsa tija topita ku msika wa Tsoka, ndinabwereranso, ndikufunsa za munthu wodziwa injini za boti. Anyamata a m'mabenchi ankandiseka. Wina anati, “Boti ku Lilongwe, madala? Mukufuna muziwolotsa anthu pa mtsinjewu mutilande bizinesi?” Pamapeto pake mayi wina wogulitsa mabawuti anandilozera ku Area 4, kwa mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya umakaniko kunyanja asanapume.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa galimoto wakale pansi pa mtengo wa mango, akutsuka mapulagi m'chitini cha petulo. Anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye munaithirira ngati tomato?”

“Ndinalakwitsa, akulu.”

“Munalakwitsadi. Abwana anuwo akudziwa?”

“Sanadziwebe.”

Anasiya kuseka. Anabwera Lachinayi masana, eni nyumba ali kuntchito, ndipo ine ndinali nditagulitsa mbuzi kuti zitheke. Anamasula mwendo wa injini n'kutulutsa kalabala kokhala ndi timapiko, kamene kamapopa madzi. Kanali katapserera, timapiko tonse titathothoka. Anaika kena. Kenako anachotsa mapulagi, n'kumalowetsa kawotchi kawo koyezera mphamvu ya injini m'bowo lililonse ine ndikupotokola kiyi. Pa bowo lina anabwereza katatu, akupukusa mutu.

“Achimwene, tamverani. Kalabala ndasintha, ikodzanso ngati kale. Koma m'katimu yavulala. Pamtunda pano iziimba, palibe angadziwe. Mukaiika pamadzi, mwasenza anthu, mwaikankha ola limodzi, itentha n'kuzima. Ikufunika kutsekula yonse, ndipo imeneyo si ntchito yobisa. Auzeni.”

“Ndiwauza.”

Ndinkanena zoona. Ndinadziikira malire: ulendo wawo wakunyanja unali wa pa Khirisimasi, ndipo ndinalumbira kuti asanamangirire ngolo ku galimoto ndidzakhala nditaulula. Loweruka lotsatira ndinaliza injini n'kumva zimene mkulu uja ankanena. Zigwiriro zikakhala molingana, yakumanzere inkatsalira, mkangano uja n'kuyamba. Ndinapendeketsa dzanja pang'ono, chigwiriro chakumanzere n'kupita patsogolo ndi mpata wa chala chimodzi. Mkangano unatha. Chikhatho changa n'chachikulu, chinkaphimba mitu ya zigwiriro zonse ziwiri, moti munthu woima pambali sakanaona kanthu.

Khirisimasi isanafike, abwana anagwa mu ofesi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala, mbali yakumanja inali itafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Kuntchito sanabwererenso, kunyanja sanapitenso. Ndinkayembekeza kuti andiuza ndisiye kuwononga petulo, koma Loweruka loyamba ali kunyumba anauza amayi kuti awatulutsire mpando pa khonde lakuseri, moyang'anana ndi shedi. Anakweza dzanja lawo lamoyo n'kulizunguza m'mwamba. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse cha m'ma teni koloko m'mawa inali nthawi yathu. Iwo pa mpando, bulangete pa maondo ngakhale kukutentha, ine m'boti. Ndinkayamba ndi yakumanja, kenako yakumanzere, n'kuzisiya zitenthe pang'ono. Ndikayamba kukankha zigwiriro ankatsinzina, monga ndinkachitira ine, chifukwa mawotchi anali atawatalikira. Liwu likakhala limodzi, mbali yamoyo ya nkhope yawo inkamwetulira. Akakhutira ankakwezanso dzanja, ine n'kuzimitsa. Ndikamadutsa pa khonde ndi mapaipi ankandiitana.

“Zikuimba, bambo.”

“Zikuimba, abwana.”

“Ndikachira tipita limodzi. Mukayendetse nokha.”

Zinatenga zaka zinayi. Ndinkadziuza kuti kuulula tsopano n'kumulanda munthu wodwala chinthu chimodzi chimene chinkamusangalatsa. Mwina zinali zoona. Koma zinalinso zondikomera ine, ndipo chifundo chokomera mwini wake ndimachikayikira. Masiku ena poyenda kubwerera kumudzi ndinkakwiya, osadziwa kuti ndikukwiyira ndani. Ndinkakwiyira mzungu amene anagulitsa botilo, ndinkakwiyira paipi yaitali ija, ndinkakwiyira ngakhale nthochi. Choipa kwambiri ndi ichi: abwana akanena kuti ndikachira, mbali ina ya mtima wanga inkachita mantha kuti angachiredi. Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ndinkapempherera moyo wawo kutchalitchi ndi mtima wonse, kenako n'kukumbukira kuti akadzuka tidzamangirira ngolo ku galimoto.

Anamwalira nthawi ya dzinja, mvula ikugwa. Maliro atatha, ana awo atabwerera kunja komwe amakhala, nyumba inakhala zii. Loweruka ndinkalizabe injini chifukwa palibe anandiletsa, koma amayi ankatseka zenera la kukhichini. Patapita miyezi anandiitana n'kundiuza kuti botilo aligulitsa, ndipo munthu wina abwera kudzaliona Loweruka.

Anabwera pa galimoto ya bokosi yodzaza fumbi, bambo wamfupi wojintcha, wakuda ndi dzuwa, wochokera kunyanja. Sanataye nthawi ndi utoto kapena mipando. Anagwada pansi pa boti, analigogoda ndi chibakera, anagwedeza mapiko a injini. Amayi anaima chapatali atapinda manja. Ndikulumikiza mapaipi ndinamufunsa ngati akufuna lokasangalalira.

“Kusangalala? Ayi, achimwene. Kwathu kuli midzi yomwe msewu sufika. Ndimanyamula anthu, matumba a chimanga, malata, amayi opita kusikelo ndi ana kumbuyo. Langa lakale ndi la injini imodzi, latopa.”

“Ndiye mukufuniranji ziwiri?”

“Mwera ukakupeza pakati utasenza, imodzi siikwanira. Umafunika zonse ziwiri kuti mphuno ya boti iyang'ane mafunde. Ikazima imodzi pamenepo, boti limapotoloka n'kupereka nthiti. Ukatero uyambe kupemphera.”

Amayi anayandikira n'kunena kuti, “Za injini musadandaule. Bambo awa ndi amene akhala akuzisamala zaka zonsezi. Malemu ankawakhulupirira kuposa mawotchi.”

Ndinatsekula mpopi mpaka kumapeto, ndinakwera m'boti. Yakumanja inalira, yakumanzere inalira, zonse zikukodza. Wogula uja anaima kumbuyo, pakati pa injini ziwirizo, atapendeketsa mutu. Ndinadina timabatani, ndinaika chikhatho pa zigwiriro, n'kukankha. Sindinaganize chilichonse. Dzanja linapendekeka lokha monga linazolowerera, ndipo liwu linatuluka limodzi, losalala, lokoma kuposa masiku onse. Bambo uja anamwetulira, n'kufuula pamwamba pa phokosolo.

“Zamoyo izi! Mayi, apa tagwirizana!”

Ndinayang'ana dzanja langa. Kwa zaka zinayi ndinkaganiza kuti bodza langa lili pakamwa, pa mawu amene sindinanene. Tsiku limenelo ndinaona kuti linali m'chikhatho, ndipo luso lomwe ndinkanyadira ndi limene linkanamiza munthuyo. Akanakhala wina aliyense pa zigwiriropo, bambo ameneyu akanamva vuto nthawi yomweyo, chifukwa khutu anali nalo. Ndinaganiza za amayi a kusikelo aja, ana ali kumbuyo. Ndinaganizanso za ntchito yanga, sindikana, ndiponso za mawu amene akazi a malemu anali atangonena.

Ndinabweza chigwiriro chakumanzere ndi chala chimodzi, n'kuchotsa dzanja kuti zigwiriro zioneke zili molingana.

Wuu, wuu, wuu. Boti linayamba kunjenjemera pa ngolo yake. Kumwetulira kwa bambo uja kunatha. Anazungulira, anakwera pa tayala la ngolo, anayang'ana zigwiriro, anayang'ana mawotchi, kenako anandiyang'ana ine.

“Mwachita chiyani?”

“Ndazilinganiza. Poyamba paja ndinakankha chakumanzere patsogolo.”

Ndinazimitsa zonse ziwiri kuti ndisamachite kufuula. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndipo ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana pansi: Okutobala uja, mpopi umene ndinabweza, fungo la labala, mkulu wa ku Area 4 ndi zimene ananena za ola limodzi pamadzi. Madzi anali akuthamangabe pa simenti kupita ku nthochi, ndipo palibe anakumbukira kutseka.

Wogulayo anapukuta kumaso ndi chipewa chake. Sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere kuti atero.

“Mukudziwa kuti mukanandiphetsa ndi anthu anga?”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye poyamba paja munakankhiranji?”

“Dzanja linazolowera.”

Anatembenukira kwa amayi. Anati botilo akulifunabe, koma abwera mawa ndi makaniko wake kuti aone kukula kwa vutolo, ndipo akambirananso. Amayi anangogwedeza mutu. Galimoto itatuluka ndinatseka geti, ndipo pobwerera ndinapeza atalowa m'nyumba.

Tsiku lonselo ndinagwira ntchito ngati munthu wotsanzika. Ndinakulunga mapaipi, ndinatsuka makasu, ndinasesa m'sitolo momwe tinkasunga zipangizo ndi petulo. Chakudya chamasana chinabwera monga mwa masiku onse, koma chinandikanika. Cha m'ma folo koloko amayi anatuluka pa khonde lakuseri n'kundiitana. Maso awo anali ofiira. Ndinakhala pa sitepe.

“Zaka zingati?”

“Zinayi ndi miyezi, amayi.”

“Iye ankadziwa?”

“Sindinawauze.”

“Loweruka lililonse ankandiuza kuti boti lili bwino, langotsala iyeyo. Ankachita mafizo aja olimbitsa thupi akulira ndi ululu, akuti kuti akakwere boti.” Ananditembenukira. “Ndakwiya nanu, bambo. Musaganize kuti zimene mwachita lerozi zafafaniza. Mwandichititsa manyazi pamaso pa mlendo, nditangokuyamikirani kumene.”

“Ndalakwa, amayi. Ndinawalakwiranso abwana.”

“Bweretsani makiyi a sitolo.”

Ndinawapereka. Ntchito sanandichotse, ndinakhalabe pamenepo mpaka pamene anasamukira kwa mwana wawo, koma makiyi amenewo sanabwererenso m'thumba mwanga. Ndikafuna khasu ndinkagogoda kukhichini ngati munthu wolembedwa dzulo. Zinkandiwawa tsiku lililonse, ndipo sindinadandaulepo.

Tsiku limenelo, nditapereka makiyi, ndinaimirira kuti ndizipita, koma amayi anandiimitsa. Mpando wa abwana uja unali udakali pakona ya khonde, palibe ankaukhalira. Amayi anaukoka, anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukhalapo moyang'anana ndi shedi.

“Posachedwa likupita. Zaka zonsezi ine ndinkangomva phokoso, sindinamvetsere n'kamodzi komwe. Kalizeni.”

“Molingana, amayi?”

“Ayi. Momwe munkamulizira iye.”

Ndinatambasulanso mapaipi amene ndinali nditakulunga. Madzi choyamba, mpaka kumapeto, kiyi pambuyo. Ndinadikira mpaka zonse ziwiri zitayamba kukodza. Ndinaika chikhatho pa zigwiriro, chakumanzere chala chimodzi patsogolo, ndipo mkangano unachedwa, unachedwa, mpaka unatha. Tonse awiri tinkadziwa chimene chinali m'kati mwa injiniyo, koma zinaimba. Amayi anatsinzina. Misozi inkatsika osaipukuta, ndipo inenso mawotchi aja sindinkawaona bwino.

Anamvetsera nthawi yaitali kuposa mmene abwana ankachitira. Kenako anakweza dzanja, ndipo ndinazimitsa, kuyambira yakumanzere.